Deliwe Asankha Wailesi Atamanga Duku M'maso

Pa siteji ya matakisi pa Mwanza Boma pali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma aliyense amalidziwa: wailesi ya m'galimoto ndi ya dalaivala. Ukhoza kumunena dalaivala kuti akuthamanga, ukhoza kumulalatira kuti wakupanikizani ngati matumba a makala, iye adzangoseka. Koma tatambasula dzanja ukhudze wailesi yake uone. Akutsitsa pomwepo, kaya ndi pakati pa phiri. Ine Iness ndagulitsa manachesi ndi nthochi pa siteji imeneyi kuyambira mano ndili nawo onse, ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

Deliwe ndi msuweni wanga, mwana wa amalume anga a kwa Kanduku. Poti ndi msuweni ndikhoza kumunena mmene ndingafunire, ndipo ndimunena: mkazi wamakani ngati ameneyu sanabadwenso. Tili atsikana, ife tikusenza mtedza pamutu kutsetsereka nawo ku boma, iye ankaba njinga ya abambo ake, ija ya mtanda, n'kumangirira thumba kumbuyo. Amatidutsa liwiro la mtondo wadooka, chitenje atachikwinyira m'chiuno, akuliza belu dala. Azimayi ankagwira pakamwa, amvekere, "Ameneyu sadzakwatiwa." Anakwatiwa ine ndisanapeze n'komwe wondipatsa moni.

Amene anamukwatira ndi a Custodio. Iwowa anabwera kuno ali aang'ono, amayi awo atawagwira dzanja pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo anatsala chakuboda kuja, poti manda a abambo awo anali atakumbidwa kuno. Anakulira pakati pa mathiraki. Anayamba ndi kutsuka matayala, kenako kuperekeza madalaivala, mpaka iwonso anakhala pa chiwongolero, ulendo wa ku Tete ndi ku Beira. Anali munthu waphokoso alamu angawa. Akaseka, amene ali kuchigayo ankadziwa kuti a Custodio afika. Chilichonse chikawadabwitsa, "Epa!" Chikawakwiyitsa, "Epa!" Atatopa ndi kugona m'misewu, anagula galimoto ya Siyenta yawoyawo yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuyamba kunyamula anthu kuchoka pa boma kupita ku Thambani.

Timagalimoto timeneti timabwera ndi wailesi zakwawo ku Japani. Ya a Custodio inali galasi losalala lokhalokha, lopanda batani ngakhale limodzi, zolemba zake zonga mapazi a nkhuku. Ukaliza injini, mkazi wina amayankhula m'menemo chinenero chakwawo, kaya amapereka moni kaya amatukwana, palibe ankadziwa. Komanso manambala ake amathera pafupi, moti mawailesi ambiri a kuno sinkawagwira. Alamu anaizolowera choncho, ankadziwa kuti ukadina kachithunzi aka kenako aka, chimbale chilira. Tsiku ndi tsiku ankati aisintha, koma sanaisinthe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Vuto linayamba ndi ludzu losatha, kenako alamu anayamba kudandaula kuti kunja kuli utsi pomwe ife tikuona kuti kwayera mbee. Tsiku lina anatsala pang'ono kugunda ng'ombe itaima pakati pa msewu masanasana. Pamenepo ndimawalemekeza: sanadikire kuti aphe munthu. Anafika kunyumba, anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, makiyi anapatsa mkazi wawo. Kuchipatala anati ndi shuga, wawononga maso, ndipo kuona sadzaonanso. Anati chofunika tsopano n'kumabwera kudzayezetsa kawirikawiri kuti matendawo asalowe kwina.

Galimoto inakhala pansi pa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikira kunsi kwake. Ogula anayamba kuzungulira ngati akhwangwala. Deliwe anawathamangitsa onse, wina mpaka anasiya silipasi pakhomo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anasiyira ine mwana wawo Mariana, iye ulendo wa ku Blantyre kukaphunzira kuyendetsa, n'kubwerako ndi laisensi m'manja. Tsiku limene anaimika galimoto pa mzere pa siteji, madalaivala anafa nacho chiseko.

"Alamu," anatero mmodzi, "chiwongolero si mthiko ayi."

"Zoona," anayankha Deliwe, "mthiko ndi wovuta. Inu simungauthe."

Miyezi isanapite yambiri, azimayi oyembekezera ndi agogo ankachita kudikira galimoto yake, ati iyi ndiye siitidumphitsa m'maenje. Njala sinalowe m'nyumba ija. Wina akhoza kunena kuti nkhani yathera pomwepo, mkazi wapulumutsa banja, tiombe m'manja. Ayi ndithu. Galimoto inali itadzuka, koma mwini wake anali akufa tikuona.

A Custodio analowa m'chipinda n'kukhala. Kutchalitchi anasiya. Anzawo akabwera kudzawaona, ankauza Mariana kuti akanene kuti agona. Munthu uja wa chiseko chomveka kuchigayo anasanduka wa "eya" ndi "ayi". Thupi linayamba kutha, kolala ya shati kuchita kulendewera. Choopsa kwambiri chinali chakuti kuchipatala kuja anakana kupitako, chifukwa kupita kumeneko kunali kukwera galimoto, ndipo galimoto anailumbirira kuti sadzaikweranso.

Chimene anailumbirira ndinachiona ndi maso angawa. Deliwe atangoyamba kumene kuyendetsa, anawanyengerera mpaka anavomera kupita kukayezetsa. Anawakhazika kutsogolo, n'kudzera pa siteji kuti atengeko anthu awiri atatu. Galimoto ili chiimire, dzanja la alamu linapita lokha pa wailesi, monga linkachitira zaka zonsezo. Zala zinapeza galasi losalala. Anasisita uku, anasisita uku, kufunafuna pogwira. Mkazi wa ku Japani uja anayamba kuyankhula, kenako chinthu chija chinayamba kulira ngati mluzu. Mnyamata wina wovala suti, mlendo pa siteji pathu, anayankhula ali kumbuyo.

"Madala, tasiyani wailesi ya adalaivala. Mukaononga mulipira?"

Abale inu! Ine ndinamugenda ndi nachesi mnyamata ameneyo, n'kumuphonya, mpaka lero zimandiwawa kuti ndinamuphonya. A Custodio anachotsa dzanja pa wailesi. Anatsegula chitseko, anatsika, n'kuyamba kuyenda akupapasa magalimoto a anzawo, kulowera kolakwika. Deliwe anawathamangira, anawagwira mkono. Iwo anangoti, "Ndiperekezeni kwathu, mayi a Mariana. M'galimoto mwangamo ndasanduka katundu." Kuyambira tsiku limenelo sanaponde pa msewu.

Deliwe anayesa zonse. Anaitana abusa, anaitana ankhoswe, anaphika nkhuku. Ine ndinamuuza kuti tingowamanga ndi chitenje n'kuwaponya m'galimoto, iye anati ndilibe nzeru, zomwe n'zoona pang'ono. Kenako m'mawa wina anaima pa malo anga ogulitsira, injini osazimitsa.

"Iwe Iness, siyira mnzakoyo dengu. Tiye undiperekeze kwa Masauko."

Masauko ali ndi kontena kuseri kwa msika, mmene amagulitsa ndi kumanga mawailesi a galimoto, masipika, mawaya ali lendelende mpaka pakhomo. Atamva kuti tikufuna wailesi, nkhope inawala. Anatsitsa chibokosi chachikulu n'kuchitsegula mwaulemu ngati muli keke ya ukwati.

"Mayi, iyi ndiye ya masiku ano. Kanema imaonetsa, mapu alimo, ngakhale kamera yoonera kumbuyo."

"Yoonera kumbuyo ndili nayo kale," anatero Deliwe, "ndi khosi langali. Ziyaleni zonse zimene muli nazo apa, zodula ndi zotchipa zomwe. Muzilumikiza ku batire imodziimodzi."

Masauko anayala. Ndiye msuweni wanga, mayi wapabanja, mayi wa Mvano, anavula duku pakati pa anthu. Tsitsi lake linali loluka mbali imodzi, mbali inayo lili nyankhalala. Ine manyazi anandigwira m'malo mwake.

"Iwe Deliwe, wapenga? Anthu akukuona!"

"Azione. Ndimange m'masomu, ulimbitse kumbuyoko."

Ndinamumanga, ndipo ndinalimbitsadi, mwina mopitirira, pobwezera manyazi aja. Anatambasula manja ngati akufuna kupapasa mwana mumdima. Masauko anandiyang'ana, ine ndinangokweza mapewa.

Yoyamba inali ya kanema ija. Zala zake zinangotsetsereka pagalasi. "Chotsani," anatero, "ngati iyi ndili nayo kale." Yachiwiri inali ndi magetsi ofiira ndi obiriwira othamangitsana, ine ndinaikonda, sindinama. Koma timabatani take tinali tating'onoting'ono ngati mapira, tofanana tonse, tothithikana. Akadina kamodzi, tiwiri timalowa. "Iyi anapangira ana a sukulu. Munthu wa zala za thiraki angaithe?" Yachitatu inali ndi chopotokola chachikulu bwino, Deliwe mpaka anamwetulira. Koma atachipotokola, m'malo mokweza mawu, wailesi inangokhala chete. Masauko anafotokoza kuti chopotokolacho chimagwira ntchito zambiri, umayenera kuwerenga pagalasi kuti udziwe pamene uli.

"Ndiye kuti imafuna maso," anatero Deliwe. "Ina."

Anthu anali atayamba kudzaza pakhomo la kontena, ena akuseka, ena akufunsana ngati ndi masewero. Masauko yekha ndiye anasiya kuseka. Anamuyang'anitsitsa Deliwe, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Mayi, kodi wailesiyi ndi ya a Custodio?"

Duku lija m'maso mwa Deliwe ndinaliona likunyowa. Masauko anatembenukira anthu aja n'kuwathamangitsa, amvekere, "Kuno si kanema, kazipitani!" Anakwera pa mpando, anasuntha makatoni pamwamba penipeni, n'kutsitsa kabokosi kafumbi lokhalokha.

"Iyi anyamata saifuna, akuti ndi yachikale chifukwa ilibe kanema. Yakhalitsa pamenepa. Taiyesani."

Inali yakuda, yopyapyala, yosaoneka bwino n'komwe. Deliwe anaiyendetsa zala kuchokera kumanzere. Anapeza chopotokola chachikulu chokhala ndi mizeramizera, anachidina, wailesi inayaka. Anachipotokola, chikumveka ke, ke, ke pansi pa chala, mawu n'kumakwera pang'onopang'ono. Anachibweza, mawu anatsika. Ntchito yake inali yomweyo basi. M'munsi munali mabatani asanu ndi limodzi pa mzere, akuluakulu ngati nyemba, otalikirana moti chala chimadziwa pamene lina lathera. Lililonse ukalidina limalira kamodzi kukuuza kuti lamva. Masauko anasungiramo mawailesi a kuno, iliyonse pa batani lakelake, ndipo onse ankamveka mbee, ngakhale aja amene ya ku Japani sinkawagwira. Kabowo kolowetsa fulashi ya nyimbo kanali kutsogolo komwe, kopanda chotsekera, koti chala chimakapeza chokha.

Deliwe anaizimitsa, anachotsa manja, anazungulira kamodzi pamene anaimapo kuti asokonezeke dala. Kenako anatambasulanso dzanja. Anayatsa, anapeza nkhani, anapeza kwaya, analowetsa fulashi ya Masauko, nyimbo inalira, anadumphira ina. Zonsezi maso ali omanga. Ine ndinayamba kuomba m'manja ndekhandekha ngati chitsiru.

Akupapasabe, chala chake chinadina kabatani kena kobisika pakona. Kutsogolo konse kwa wailesi kunangoti phwa, kugwera m'manja mwake, nyimbo n'kuduka.

"Mayo ine, ndathyola!"

Masauko anaseka mpaka kugwira pamimba. "Simunathyole, mayi. Nkhope yake imachoka dala. Madalaivala amaichotsa madzulo n'kuika m'thumba, kuti akuba akasuzumira aone kuti palibe chotenga. M'mawa mumangoibwezera, imalowa yokha."

Deliwe anaima osagwedezeka, nkhope ya wailesi ili m'manja, duku likadali m'maso.

"Ndiye popanda ichi siilira?"

"Siilira."

"Ngakhale dalaivala atafuna bwanji?"

"Ngakhale atapemphera."

"Kamangeni m'galimoto lero lomwe."

Mtengo wake unali wa anthu ngati ife, wotsika kuposa zonse zinali pa tebulo paja. Komabe Deliwe ndi Deliwe, ananenerera mpaka Masauko anagwira kumutu n'kuvomera kumanga yekha popanda kuonjezera kanthu. Anazula chigalasi cha ku Japani chija, analumikiza mawaya, ndipo pa mpata umene unatsala m'munsi anaikapo kabokosi kosungiramo tinthu. Mkazi wa ku Japani uja anatuluka m'galimoto osatsanzika.

Madzulo ake ndinapita nawo kunyumba, poti nkhani ngati imeneyi sindikanalola kuimva kwa wina. Tinawapeza alamu atakhala pa bedi, nkhope italoza kukhoma. Deliwe anagwada, anatenga dzanja lawo, n'kuikamo chinthu chija.

"N'chiyani chimenechi?"

"Ndi nkhope ya wailesi, bambo a Mariana. Ija ya galasi ndachotsa. Iyi ndi ya mabatani, ndipo popanda chimene mwagwiracho siilira."

"Ndiye mukundipatsiranji ine? Dalaivala ndinu."

"Ine wanga ndi msewu. Wailesi ndi yanu. Mukafuna kuti ilire, mubwere nayo nokha. Ine sindidzaigwira."

"Mwayamba kundinyengerera ndi zidole ngati mwana?" Anapapasa pawindo n'kuchiika pamenepo. "Tengani chinthu chanucho, musandivutitse."

Deliwe anadzuka, anasasa maondo, n'kutuluka. Chinthu chija anachisiya pawindo pomwepo.

Apa ndiye makani a msuweni wanga anaonekera poyera. Anayamba kuyenda ndi galimoto yopanda wailesi, pamalo pake pali chibowo chakuda ngati munthu wogweluka mano. Msewu wa ku Thambani ndi wautali, wafumbi, ndipo ulendo wopanda nyimbo umatalika kawiri. Loweruka, mpira ukuulutsidwa, anyamata ankasuzumira, akaona chibowo chija n'kupita kukakwera ina. Akafunsidwa, yankho lake linali limodzi: "Wailesi ili ndi mwini wake, ali kunyumba." Ngati zimenezo sizinakwane, analetsanso munthu aliyense kukhala mpando wakutsogolo. Inu mukudziwa kuti pampando umenewo madalaivala amakhazikapo anthu awiri, nthawi zina atatu. Iye ankanyamuka uli wopanda munthu, anthu akuthithikana kumbuyo, akung'ung'udza.

Madalaivala anayamba kunong'onezana kuti mayi uja mutu wasokonekera. Ine ndinamulalatira pamaso pa anthu. Ndinati, "Iwe, mwamuna wako wafooka, tsopano ukufuna kuphanso galimoto? Mudya makani akowo?" Anandiyang'ana, maso atafiira, n'kunena kuti, "Iness, ndikagonja ine, tikawaika m'manda chaka chisanathe. Ukuganiza kuti sindikuona?"

Mkwiyo wanga ndinautembenuzira kwa mwini wake. Masana ena, Deliwe ali pa msewu, ndinapita kunyumba kuja osagogoda. Mlamu ndi mlamu, timanenana, koma tsiku limenelo sindinapite kukaseka.

"Alamu, muli moyo kapena tiyambe kuphika za maliro?"

"Mwabwera ndi chipongwe chanu, alamu."

"Ndabwera nacho, ndipo mumva. Mkazi wanu anavula duku pakati pa msika, anthu akumuseka, anamanga m'maso kuti akhale ngati inu, kusankha chinthu choti zala zanu zichithe. Lero akuyenda ndi mpando wopanda munthu, makasitomala akumuthawa, anzanu akumutcha wamisala. Inu muli pano kulondera khoma. Maso ndiye anapita, tinalira tonse. Nanga manjawo anapita nawonso? Makutuwo? Pakamwa paja pankatisowetsa mtendere pa siteji?"

Ndinkati ndipitirize, koma ndinayang'ana pawindo, chinthu chija panalibe. Ndinayang'ana pamiyendo pawo. Chinali pansi pa chikhatho chawo, chala chachikulu chili pa chopotokola, chikuchiyendetsa pang'onopang'ono, ke, ke, ke. Mabatani aja anali atayamba kale kuwala chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Anamangadi m'maso?" anafunsa.

"Ndinamumanga ndine."

Kenako anati, "Mabatani a pa mzerewa ndawamvetsa. Nanga ili lili palokha kumanjaku, ntchito yake n'chiyani?"

Ndinkalidziwa, linali losinthira kuchoka ku wailesi kupita ku fulashi. Koma ndinati, "Kaya. Ine ndimagulitsa manachesi. Kafunseni galimoto." Ndinatuluka msangamsanga.

Panapita masiku, osaona kusintha. Ndinayamba kuganiza kuti pakamwa pangapa paononganso zinthu, monga pamachitira. Kenako Loweruka lina m'mawa, siteji itadzaza, ndikukangana ndi mayi wina amene ankafinya manachesi anga onse osagula, ndinamva nyimbo ikuchokera chakumsika. Inali ya magitala a kutsidya kwa boda, ija imagwedeza m'chiuno ngakhale munthu wopemphera. Galimoto inali isanaoneke, koma phokoso linali litafika kale. Ikutulukira pakona, ndinaona kuti ndi ya Deliwe, mawindo onse ali otsitsa. Pampando wakutsogolo panali munthu wovala shati yoyera yosita, magalasi akuda, chigongono chili pawindo.

Dengu langa linagwa. Manachesi anagubuduka mpaka pansi pa magalimoto, ine osawayang'ana n'komwe.

Deliwe anaimika kumapeto kwa mzere, nkhope ili gwa ngati palibe chachilendo. Madalaivala anaima pamene anali, wina kapu ya tiyi ili m'malere. Nyimbo inatsika pang'onopang'ono mpaka kuzima. Ndiye a Custodio anatulutsa mutu pawindo.

"Epa! Siteji yake yomweyi yafa chonchi? Mwangoti kukamwa yasa, simunaonepo munthu wakhungu?"

Anayamba ndi a Laston, dalaivala wamkulu pa onse pa siteji pathu. Anathamangira m'galimoto mwawo n'kugona pa hutala. Wachiwiri anatsatira, wachitatu, mpaka magalimoto onse pa mzere, ngakhale a njinga zamoto amene sankadziwa n'komwe chikuchitika. Phokoso lake anthu anatuluka m'masitolo kuganiza kuti kukubwera ukwati. Azimayi ogulitsa tinayamba nthungululu. Amuna akuluakulu ankakankhana pawindo kuti agwire dzanja la mnzawo, iye akuwatchula mayina mmodzimmodzi pongomva mawu.

Pa siteji pathu galimoto imadzaza potsata mzere, ndipo munthu akadumpha mzere pamakhala ndewu. Tsiku limenelo a Laston anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ya a Custodio ipite kutsogolo. Alipo akutsutsa?" Panalibe. Anthu amene anali atakhala kale m'galimoto zina anatsika okha kudzakwera iyi. Ndinaona anyamata aja ankathawa chibowo akulimbirana mpando wakumbuyo.

"Lero kuli mpira, madala, tiumvera?" anafunsa mmodzi.

"Mpira ndi masana, mphwanga, ndipo uli apa." Chala chinagwa pa batani osaphonya, wailesi ya mpira inayankha. "Nkhani zili apa. Mauthenga a maliro apa. Amayi mwakhala kumbuyo kwangaku, ndamva mukupuma movutikira, ndinu achikulire. Mukonda chiyani?"

"Kwaya, mwanangu," anatero mayiyo.

"Kwaya ilire. Anyamata mudikire, akulu ayambe."

Kwaya inalira. A Custodio anatulutsa mkono n'kumenya denga la galimoto kawiri, mmene ankachitira kale galimoto ikadzaza, n'kukuwa mawu aja tinali titawaiwala: "Thambani! Thambani yanyamuka!" Deliwe anandiyang'ana kamodzi kokha podutsa. Sindinathe kumuseka, ndinali ndikulira ngati mwana.

Mpaka lero mukafika pa siteji pathu muwapeza awiriwa. Kuchipatala alamu amapita okha osakakamizidwa, thupi linabwerera, kolala inadzaza. Anthu amabwera ndi mafulashi awo kudzawapempha kuti awaikire, ndipo iwo amayamba afunsa kaye ngati mulibe nyimbo zotukwana, poti m'galimoto mumakwera ana. Madzulo amachotsa nkhope ya wailesi n'kuiika m'thumba la shati. Masauko anaitanitsa zina za mtundu womwewo, akuti madalaivala achikulire ayamba kuzifuna.

Koma tsiku loyamba lija ndinadikira pa siteji mpaka dzuwa litapendeka, dengu lili lopanda kanthu, kufuna kumva mmene ayendera. Galimoto inabwera yofiira ndi fumbi. Alamu anatsalira m'katimo akucheza ndi a Laston pawindo. Deliwe anatsika, anabwera molunjika kwa ine, n'kundikokera kuseri kwa chigolosale. Nkhope yake sindinaimvetse.

"Chachitika n'chiyani? Adwala?"

"Iness," anatero, "munthu uja wandinyoza ulendo wonse. Akuti ndimaponda mabuleki mochedwa. Akuti maenje ndimachita kuwasankha akuluakulu. Akuti pa chitunda chija galimoto ndimaivutitsa, iye akumva injini ikudandaula. Ine ndamuuza kuti ngati akudziwa kwambiri atsike akankhe. Iye akuti nditsike ndine."

"Ndiye ukulira chiyani?"

Anandigwira mapewa onse awiri n'kundigwedeza, misozi ikutsika, mano onse ali pamtunda.

"Takangana, Iness! Takangana kuchoka pa boma mpaka ku Thambani, pobwerera takangananso! Mwamuna wanga wabwera!"